Chithunzi cha Dziko Logwa Ufa

Akazi anga amati nyumba yathu kuno ku Cuamba imanunkha ngati sutukesi ya malemu. Sindiwatsutsa. M'chipinda chomwe chikanakhala cha alendo mwadzaza mabuku akale a nthano za azungu, aja a zikuto zolimba ndi zithunzi za utoto, ndipo ambiri ndi opunduka. Lina lilibe chikuto, lina chiswe chinaliboola pamimba, ena angotsala zithunzi zokhazokha popanda liwu ndi limodzi lomwe. Ndimawasunga m'mabokosi a malata, masamba a nimu pansi, poti chiswe cha kuno sichiopa mphunzitsi. Anzanga kusukulu amandiyesa munthu wokonda zakale. Ayi ndithu, zakale zina n'zonyansa. Zaka zonsezi ndakhala ndikusaka chithunzi chimodzi chokha, ndipo mabuku enawa ndinangokumana nawo panjira n'kuwamvera chisoni.

Chithunzicho chinali cha achemwali anga, mlongo wanga wamkulu, ndipo amene ndinawatayitsa ndine.

Ine ndisanabadwe, bambo ankaphikira mzungu wina wa kantina, sitolo yaing'ono, m'tauni muno. Mzunguyo pobwerera kwawo anasiya katundu wosanyamulika, antchito n'kugawana. Ena anapata mipando, ena mapoto. Bambo, munthu wosadziwa ngakhale kulemba dzina lawo, anapata buku. Mayi ankati tsiku limenelo m'pomwe anatsimikiza kuti anakwatiwa ndi munthu wopanda mwayi. Bukulo linapita nawo kumudzi kwathu ku Ngauma, komwe anabwerera kukalima chimanga ndi fodya. Linali lolemera ngati njerwa ziwiri, m'mphepete mwa masamba muli golide, ndipo chithunzi chilichonse chinali chofundidwa ndi kapepala kopyapyala ngati khungu la anyezi. Pakhomo ponse amene analikonda ndi achemwali okha. Sankaligwira asanasambe m'manja.

Tsiku lothawa nkhondo ndinali mwana wongoyamba kugweluka mano. Mayi anauza achemwali kuti anyamule mphika ndi bulangete. Tinayenda m'tchire mpaka tinaoloka malire a ku Mandimba kulowa m'Malawi, ndipo pomasula akatundu m'pomwe zinaululika: m'kapulana, chitenje chija anamangira katundu achemwali, munali mphika ndi buku. Bulangete linatsala pamphasa ku Ngauma.

"Mwana iwe, ndiye tifunda bukuli?" anakuwa mayi, khofi lili kale patsaya.

Achemwali sanalire. Anangolikumbatira bukulo, maso pansi. Chaka chimenecho tinaidziwa bwino mphepo ya mwezi wa June.

Kumsasa wa othawa kwawo bambo anasanduka mlimi wa fodya wopanda munda. Fodya wosuta ankampeza mwa anzawo, koma pepala lopichirira linali losowa. Anayamba ndi timapepala topyapyala tija, akuti tinkayaka bwino kuposa chilichonse chomwe anasutirapo. Titatha anatembenukira masamba a mawu. Tsiku lina anang'amba chithunzi chimodzi, achemwali ali kumadzi, koma pepala la chithunzi ndi losalala ndiponso lolimba. Silinkapichirika, moto unkangozima, ndipo utsi wake unawatsokomoletsa mpaka misozi. Atabwerako achemwali, bambo anagamula mlandu okha.

"Mwanawe, tigawane. Zithunzi n'zako, mawu ndi anga."

Palibe anadandaula, chifukwa mawuwo anali a Chipwitikizi ndipo panalibe wowawerenga. Bambo anasuta nthano zonse, tsamba ndi tsamba. Achemwali anasonkhanitsa zithunzi zotsalazo n'kuzisoka pamodzi ndi ulusi wosolola pathumba la chimanga cha chithandizo.

Nthano ankazitulutsa m'mutu mwawo, akungoyang'ana chithunzi. Panali za mafumu a ndevu, za zilombo za mapiko, koma ine ndinkafuna imodzi yokha. Pachithunzipo panali mtsikana wa chovala chabuluu, m'manja muli kiyi wamkulu, ataima pakhomo pa nyumba yaitali yopanda mawindo. Kumbuyo kwake kunali kagalu. Kwina konseko kunali mbee! Pansi poyera, padenga poyera, mitengo yolemedwa ndi zoyera, ndipo kumwamba kunkagwa tizinthu toyera tosawerengeka.

Achemwali ankati limenelo ndi dziko logwa ufa. Nyumba yaitaliyo inali nkhokwe ya kumwamba, ndipo mtsikanayo anali mwana wamasiye amene anapatsidwa kiyi chifukwa sankadziwa kumana. M'mawa uliwonse akatsegula chitseko, ufa unkayamba kugwa, woyera weniweni, osati mgaiwa wa kumsasa, ndipo anthu ankangotulutsa malichero panja. Ndikafunsa chifukwa chomwe mtsikanayo anavalira zolemera chotero, ankati ufa ukalowa m'khosi umayabwa. Ndikafunsa chifukwa chomwe sankasekera, ankati munthu wokhuta amachita ulesi ngakhale kumwetulira. Panalibe funso lowagwetsa.

Chakudya cha chithandizo chikachedwa kubwera, nthawi yowawa kwambiri inali masana, dzuwa lili paliwombo, m'mimba mukulira ngati achule. Nthawi imeneyo achemwali ankandikhazika pamthunzi wa chisakasa chathu n'kutsegula chithunzicho. Nthano ikafika poti mtsikana watsegula chitseko, ankachikweza pamwamba pa mutu wanga n'kuchigwedeza pang'onopang'ono.

"Ukugwa, ukugwa! Tsegula pakamwa iwe!"

Ine n'kuyasama, maso otseka. Ndikulumbira, njala inkachepa. Mwina simungakhulupirire, koma mimba inali yanga.

Mtendere utabwera tinabwerera, koma ku Ngauma sitinafikeko. Tinapeza malo kufupi ndi Mitande n'kuyamba kulima chimanga ndi chinangwa. Chifuwa cha bambo chinali chitakula, ndiye mtolo wa pakhomo unagwera achemwali. Anayamba kupita ku nyanja ya Amaramba kukapikula matemba ouma n'kumakagulitsa kumsika wa ku Mandimba. Matemba amenewo ndiwo anandiveka yunifolomu ndi kundigulira makope. Eni akewo m'kalasi sanapondemo ngakhale tsiku limodzi.

Kusukulu n'komwe ndinakatenga matenda. Tsiku lina aphunzitsi anationetsa chithunzi cha dziko la azungu, nalonso loyera mbee, n'kutifunsa chomwe tikuona. Ndinakweza dzanja msangamsanga n'kunena kuti ndi ufa. Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Aphunzitsi anapukuta misozi ya kuseka n'kutifotokozera kuti imeneyo ndi neve, madzi oundana ogwa kumwamba nthawi yozizira, ndipo munthu akagonapo amafa. Anzanga ananditcha Chaufa sabata yonse. Manyazi amenewo sindinawameze. Ndinawasunga bwinobwino kuti ndikawatulire munthu wina.

Loweruka lake masana ndinapeza achemwali pansi pa mtengo wa mango, mwana wawo woyamba ali pamiyendo, ana a oyandikana nawo atawazungulira. Zithunzi zija zinali m'manja, ndipo nthano inali itangofika pachitseko. Tiana tonse tinali yasa, kudikira ufa.

"Bodza limenelo!" ndinatero ndili chiimire. "Si ufa umenewo. Ndi neve, madzi oundana. Mtsikanayo akufa ndi kuzizira. Mukanadziwa kuwerenga simukanamanamiza ana."

Kenaka kamwana kena kanaseka, tina n'kutsatira, kena mpaka kuyamba kuimba kuti anakubala abodza, anakubala abodza. Achemwali anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zomwe anandigulira okha.

"Zikomo aphunzitsi, mwatithandiza," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Akulu amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Ine ndinachita kuposa pamenepo, ndinaitukwana njovuyo ndili pamsana pake.

Lolemba poweruka ndinadzera kumsika monga mwa masiku onse, kuti ndikawathandize kusenza dengu. Ndili chapatali ndinaona kuti ulusi uja aumasula. Ankathothola chithunzi chimodzichimodzi n'kumakulungiramo matemba a ogula, nkhope ili phee ngati akukulunga m'nyuzipepala. Mafumu a ndevu anapita, zilombo za mapiko zinapita. Kenaka mayi wina wonenepa anandidutsa pafupi penipeni, kaphukusi kali m'manja, ndipo ndinaona chovala chabuluu ndi theka la kiyi, mafuta a nsomba atayamba kale kulowerera. Ndikanamuthamangira mayiyo. Ndikanamupempha pepalalo, akanandipatsa, nanga pepala lokulungira matemba angamane nalo ndani? Koma ndinali nditavala yunifolomu, anzanga ali pomwepo, ndiye ndinangoima ngati chitsa. Chimenechi n'chomwe chimandiwotcha mpaka lero, kuposa mawu aja.

Achemwali sanaitchulenso nkhaniyi. Anapitiriza kundiphunzitsa mpaka ndinakhaladi mphunzitsi. Koma dzina loti aphunzitsi anandipatsa tsiku lomwe lija, ndipo "iwe" uja ankandiitana naye anafera pansi pa mango. Ana awo onse anakula osamvapo nthano kuchokera pakamwa pa mayi awo. Nditakula ndinayesa kangapo kupepesa, koma ndikangoyamba ankandidula. "Zakale zimenezo aphunzitsi, madzi akatayika saoleka. Idyani, ndiwo zikuzizira."

Kusonkhanitsa mabuku kunayamba mwangozi. Nditangotumizidwa kudzaphunzitsa ku Cuamba, ndinaona mkulu wina wogulitsa fodya wa chingambwe kumsika akung'amba tsamba m'buku lakale lachikuto cholimba, kupatsa wogula kuti apichirire. Pansi pa tebulo lake panali mulu wa masamba a zithunzi, ongotayidwa. Ndinazindikira kuti zomwe anatulukira bambo kumsasa kuja n'zodziwika kwa wosuta aliyense: mawu amayaka, zithunzi siziyaka. Ndiye kuti m'dera lonseli, paliponse pomwe buku la azungu linagwa m'manja mwa anthu a fodya, zithunzi zinapulumuka. Ndipo mzungu wa kantina uja sangakhale kuti anali yekha wokhala ndi buku lotero.

Kuyambira pamenepo ogulitsa fodya anakhala abale anga, ine wosasuta. Amanditcha wamisala wa zithunzi, ndipo amandisungira chilichonse chosalala. Tchuthi chikafika ndinkakwera sitima kupita ku Entre Lagos, komwe nkhalamba zina zopuma pantchito ya njanji zikusungabe mabokosi osiyidwa ndi mabwana awo akale. Ku Ngauma ndinapeza mayi wamasiye wa katekisiti atamata zithunzi khoma lonse ndi phala, zitada ndi utsi, ndipo ndinakhala masiku awiri ndikuzimatula ndi nsalu yonyowa iwo akundiseka. Nthawi ina ndinatsala pang'ono kumenyana ndi munthu wogulitsa mandasi amene anakana kundipatsa tsamba lomwe anali atakulungiramo kale. Mkwiyo wanga ndi wapafupi, zimenezo ndimavomera.

Vuto linali loti dzina la bukulo sindilidziwa. Chikuto chinatayika kumsasa, mawu anasuta bambo. Ndinkangofotokoza ngati munthu wofunsa mbuzi yosochera: mtsikana wa chovala chabuluu, kiyi wamkulu, kagalu kumbuyo. Mphunzitsi mnzanga wachinyamata anayesa kundisakira pafoni. Foniyo inandionetsa atsikana ambirimbiri oima m'zoyera, ena okongola kuposa wathu, koma iye panalibe. M'mabokosi anga namonso muli atsikana a madengu, atsikana a nyali, atsikana okwera akavalo. Usawaone kukongola, onsewo ndi alendo.

Kenaka maso a achemwali anayamba kuchita ng'ala. Diso limodzi madokotala anayesa kulikonza koma silinatheke. Linalo achemwali anakana kwamtuwagalu, akuti diso si mbatata yoti munthu azingosenda. Ulendo uliwonse ndikapita ku Mitande ndinkapeza kuti aona mochepa kuposa ulendo wapita. Poyamba ankandizindikira ndili kumsewu, kenaka ndili pabwalo, kenaka pokhapokha ndikalankhula. Ndinayamba kusaka ngati wolumidwa ndi mavu. Ndinkafuna chinthu chimodzi, kuti achione chithunzicho ndi diso lawo lisanatseke.

Chaka chatha, nthawi yokolola, mkulu wa fodya uja anandiimbira foni. Tsopano ndi nkhalamba yopanda mano. Anati ana a munthu wina wa njanji amene anamwalira amugulitsa bokosi la mapepala, ndipo muli buku lina lolemera lomwe lingandisangalatse. Ndinasiya choko patebulo n'kuthamanga, ana a m'kalasi akundiyang'ana pawindo.

Ndinalidziwa ndisanaligwire. Golide wa m'mphepete uja, kulemera kuja. Chikuto anachichotsa kale n'kuyalira mwendo wa tebulo lake, dzina litafufutika ndi matope. Timapepala topyapyala tonse tinali titapita. Ndinalitsegula: mafumu a ndevu, zilombo za mapiko, ndipo chapakati, uyo! Chovala chabuluu, kiyi, kagalu. Mtsikanayo anali wamng'ono kuposa mmene ndinkamukumbukirira. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, pakati pa msika, bambo wa imvi zake.

Nditapezako mpweya ndinafufuza masamba oyandikana nacho, poti tsopano Chipwitikizi ndimachidziwa, kuti ndimve zomwe eni ake analemba za mtsikanayo. Munali zitsa za mapepala zokhazokha.

"Mawu a apa ali kuti, agogo?"

"Amenewo? Ndinasuta sabata yatha," anatero akuseka ndi nkhama. "Inali nkhani yokoma bwanji! Mukanabwera msanga aphunzitsi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. Mpaka lero sindidziwa chomwe mtsikanayo ankachita pakhomo paja, ndipo ndasiya kufuna kudziwa.

M'mawa mwake ndinakwera shapa, minibasi yathu ija yodzaza mpaka pakhomo, buku lili pamiyendo nditalikulunga m'kapulana ya akazi anga. Ndinafika ku Mitande dzuwa litapendeka pang'ono. Achemwali anali pamkeka akupukusa chimanga mopapasa, zidzukulu zikusewera chapafupi.

"Kodi ndi aphunzitsi? Lero si tsiku la sukulu?"

Ndinagwada n'kuwaikira bukulo pamiyendo. Anamasula kapulana, zala n'kuyenda m'mphepete mwa masamba. Zinaima. Kenaka anabweza manja msanga ngati agwira mbale yotentha.

"Tandipatsani madzi ndisambe m'manja," anauza mdzukulu wamkulu.

Atasamba ndi kupukuta, analinyamula n'kulinunkhiza.

"Likununkha bambo," anatero.

Ndinawatsegulira pachithunzi paja. Anachisisita ndi chikhatho, n'kuchikweza mpaka chinagunda mphuno, kuchitembenuzira kudzuwa, kuchisendeza ku diso lotsalalo. Ine ndinali kupemphera chamumtima. Anachitsitsa.

"Mwachedwa aphunzitsi. Sindikuona kanthu. Ndikungoona mbee, ponseponse."

Zaka zonse zija, maulendo onse aja, ndinachedwa ndi nyengo imodzi kapena ziwiri. Ndinalira, ndisaname, ndipo zidzukulu zinasiya kusewera n'kubwera kudzaonerera agogo aamuna akulira.

"Mbee yomweyo ndiye pamenepo, achemwali," ndinatero. "Mwaona bwino."

Chala chawo chinayenda pachithunzi.

"Neve," anatero motsitsa. Liwulo analisunga zaka zonsezi, ndipo analitchula bwino kuposa ana anga a m'kalasi.

"Ayi. Ufa."

"Koma aphunzitsi anati ndi madzi oundana."

"Aphunzitsi amenewo anali chitsiru, achemwali. Chitsiru chovala nsapato zogula inu."

Kukamwa kwawo kunagwedera pang'ono, sindikudziwa ngati kunali kuseka.

"Kagalu kalipo?"

"Kalipo, kumbuyo kwake."

"Kiyi?"

"Ali m'manja."

"Paja dzina lake ndinkati ndani mtsikanayu?"

Nthano yonse ndinkaikumbukira, za nkhokwe, za malichero, za ufa woyabwa m'khosi, koma dzina linali litapita. Iwonso anayesa, kutchula ili, kupukusa mutu, kutchula lina, kupukusanso. Dzina limenelo silinalembedwe m'buku lililonse loti ndingakalisake kumsika. Tinali nalo anthu awiri okha, ndipo tonse tinalitaya.

"Basi, akhale wopanda dzina," anatero potsiriza. "Amasiye ambiri ali choncho."

Kamdzukulu kakang'ono kanasuzumira pachithunzi n'kufunsa kuti zoyerazo n'chiyani. Ndinatseka pakamwa panga zolimba. Achemwali anatembenuzira nkhope komwe kunachokera mawuwo, n'kukhosomola kawiri. Anayamba mokakamira ngati chitseko chomwe chakhala nthawi chosatsegulidwa, akulumpha zina, ine n'kumawakumbutsa chapansipansi, iwo n'kumandikalipira kuti ndisawalowerere nthano yawo. Ana anakhala pansi mmodzimmodzi. Itafika pachitseko anaima, n'kufunsa kumbali kwanga monong'ona.

"Ukugwabe?"

"Ukugwa, achemwali. Wambiri."

Bukulo linali lolemera kwa manja awo okalamba, ndiye ndinagwirira mbali imodzi, n'kulikweza tonse pamwamba pa mitu ya ana. Tiana tonse yasa! Achemwali anapapasa ndi dzanja linalo mpaka anapeza phewa langa, n'kulitsina.

"Nanga iwe ukudikira chiyani? Tsegula pakamwa."

Ndinatseka maso n'kuyasama.